Jenereta Yochokera Kumanda

Inu amene magetsi akazima mumangotukwana pang'ono n'kukagona, muziyamika, chifukwa kwa inu mdima ndi mdima basi. Kwa Nankhoma wa ku Mponela, magetsi akazima zinkakhala ngati munthu wagwira mwamuna wake pakhosi. Sendezani kufupi, ndipo wamantha asakhale kumapeto.

Mwamuna wakeyo, a Kamphinda, anathera mphamvu zawo zonse akuswa miyala ya kwale, mpaka fumbi linawadya mapapo. Pa nthawi ya nkhani yathuyi, kuchoka pabedi kukafika pakhonde unali ulendo wofuna kupumira panjira. Mwana wawo Edina, amene ankagwira ntchito ku Joni, anatumiza makina a mpweya okhala ndi kapaipi kolowa m'mphuno, komanso kajenereta kofiira konyamulika m'manja. Makinawo sagwira ntchito popanda magetsi, ndipo magetsi a kumeneko ankabwera mochedwa n'kuchoka osatsanzika. Akangozima, Nankhoma ankasiya chilichonse, ngakhale sopo ali kumaso, n'kuthamangira panja kukakoka chingwe.

Jeneretayo inkakhala pansi pa mtengo wa mango, m'kachisakasa ka malata, nthambo yake n'kulowera pazenera. Edina anachita kulumbiritsa mayi ake pafoni: "Amayi, kaya kugwe matalala, kaya kubwere akuba, chimenecho chisalowe m'nyumba. Utsi wake umapha munthu ali mtulo." Masiku oyamba a Kamphinda ankakakamira kuiliza okha, poti mwamuna safuna kuoneka kuti watha. Koma nthawi zonse ankaiwala kubweza tchoki, kachitsulo kamene umakankha poliza injini yozizira. Injini inkatsamwa, utsi wakuda uli tolotolo, Nankhoma n'kukuwa ali kukhitchini: "Bwezani tchoki inu, mukumaliza petulo!" Mawu amenewa anatchuka mpaka ana ankawaimba posewera. Kenako mphamvu zokokera chingwe zinawathera, ntchitoyo n'kukhala ya Nankhoma yekha.

Jeneretayo sankabwereketsa. Aukwati anabwera, anabwerera chimanjamanja. Ampingo anabwera ndi Baibulo kukhwapa, anabwerera ndi Baibulo lawo lomwelo. Anthu ankati mayiyu ndi wouma mtima, iye n'kumayankha kuti mapapo a munthu sabwereketsa.

Tsiku lina kuseri kwa msika kunamwalira mkulu wina, a Chikuse. Adzukulu, amene ntchito yawo ndi kukumba manda, analawirira m'mawa, koma dzenje litangofika m'chiuno anakumana ndi thanthwe. Anayesa pena, thanthwe lomwelo. Mapiki anapindika, dzuwa linapendeka, mtembo ukudikira m'nyumba ndi kutentha kwa mvula isanagwe. Wina anapeza makina oswera konkire kwa omanga nyumba, koma makinawo ankafuna magetsi, ndipo kumanda kulibe soketi. Mkulu wa adzukulu, a Gwaza, anatulukira pakhomo pa Nankhoma thukuta lili kamukamu, chipewa chili m'manja.

"Mayi, tikugwira mwendo wanu," anatero a Gwaza.

"Mwendowo ugwireni, koma jenereta isiyeni," anayankha Nankhoma.

Ndiye m'nyumba munamveka mawu a a Kamphinda, oduka ndi befu. "Apatseni, Nankhoma. Magetsi alipo lero. Thanthwe ndimalidziwa ine, ndi piki afika mawa. Maliro n'kulirana. Adzukulu omwewa adzakumbanso anga."

"Anuwo sakumba msanga, musadzinamize," anatero mkaziyo. Koma analoza kachisakasa kaja ndi chibwano, adzukulu n'kunyamula.

Madzulo onsewo Nankhoma anangoima pabalaza maso ali pababu, kuliopseza kuti lingoyerekeza kuzima. Silinazime. Kumanda thanthwe linasweka kutada kale, ndipo adzukulu anapachika babu pamtengo, maliro n'kuikidwa ndi kuwala kwa magetsi. Chiyambire manda amenewo, getsi linali lisanayakemo.

Tsono mwambo wa adzukulu mukuudziwa. Chilichonse chimene chalowa kumanda, khasu, fosholo, piki, ngakhale miyendo ya munthu, chimayamba chatsukidwa kumtsinje chisanalowenso m'mudzi. Zonsezo anatsuka bwinobwino. Atafika pa jenereta anayang'anana. Ndani angathire madzi jenereta ya Nankhoma? Onse ankaopa pakamwa pa mayiyo kuposa mizimu. Anangoipukuta pamwamba ndi malaya n'kukaibweza, dothi lofiira la kumanda litamatirira kumiyendo kwake, ndipo palibe ananena kanthu.

Zinthu zinayamba pang'onopang'ono. Magetsi atazima madzulo ena, Nankhoma anakoka chingwe kamodzi kokha, injini n'kulira, pomwe kale inkafuna kuinyengerera. Anakondwa. Koma atalowa m'nyumba anamva kulira kwake kukusintha, kukulemera, monga imachitira wina akalumikiza ayironi. Anayendera masoketi onse. Panalibe china kupatula makina a mpweya ndi babu la pabalaza. Agalu a m'deralo, amene ankauwa ngakhale pepala likauluka, tsiku limenelo anali zii.

M'mawa anapeza kampando kake ka pakhonde kali pansi pa mango, kataloza jenereta. Anakabweza. Mawa lake kanali komweko, ndipo fumbi lozungulira kachisakasa linali losalala mozungulira, ngati pamene pakhala anthu ootha moto. Mapazi panalibe, olowa kapena otuluka. Panali fungo lokha la dothi longokumbidwa kumene, chikhalirecho mvula inali isanagwe. Kenako babu la pakhonde linasowa, lochita kumasulidwa bwinobwino, osasweka. Nankhoma anatukwana anyamata a chamba a kumsika mokweza kuti dera lonse limve, koma mumtima ankadziwa kuti wachamba akanatenga jenereta yonse.

Tsiku lina masana, akuchokera kogula petulo ndi kachigubu m'manja, anakumana ndi bambo wina panjira ya pakati pa minda. Anali atavala suti yakuda m'dzuwa loswa mtengo limenelo, nsapato alibe. Nkhope yake Nankhoma sanaione bwino, ndipo pambuyo pake akamayesa kuikumbukira inkamuthawa. Bamboyo anapatuka mwaulemu kuti mayi adutse.

"Lero muyatsa nthawi yanji, mayi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kodi ndinu a magetsi?" anatero Nankhoma, osaima.

"Iyayi. Kungoti kwathu kulinso mdima."

Atayenda pang'ono Nankhoma anacheuka. Munthuyo ankalowera njira ya kumsitu wa manda, ndipo jekete lake linali lodulidwa kumsana kuchokera pakhosi mpaka pansi, monga amachitira poveka munthu amene manja ake auma kale. Nankhoma anaika chigubu pansi. Anakhala pachulu kwa kanthawi, kenako anatola chigubu chake n'kupitiriza ulendo, chifukwa magetsi sadikira kuti munthu ayambe watha mantha.

Nkhani inali itafala kale. Mayi wina woyandikana naye anati anasuzumira pampanda n'kuona misana ya anthu ambiri atakhala pansi pa mango, osayankhula. Anthu anasiya kudutsa pakhomo pa Nankhoma dzuwa likalowa. Mapeto ake a Gwaza anabwera okha, chipewa chili m'manja ngati poyamba paja, n'kuulula zoti jenereta sanaitsuke.

"Bweretsani madzi anuwo muitsuke pompano," anatero Nankhoma.

"Nthawi inatha, mayi. Chinthu chikatuluka kumanda chosatsukidwa, eni ake a kumeneko amachiyesa chawo. Ndiye alawa kuwala aja. Paja mbale ndi makapu a malemu timazisiya pamtumbira, sitibwera nazo. Nayonso iyi ikasiyidwe komweko."

"Ndiye bambo a Edina azipuma chiyani, mwambo?"

A Gwaza anayang'ana pansi. "Apo ayi, muziilowetsa m'nyumba, muzikhoma chitseko. M'nyumba salowa osaitanidwa."

Nankhoma anaseka, koma kuseka kwake kunalibe chimwemwe. "Kuti utsi utiphe tonse awiri, mudzakumbe manda awiri tsiku limodzi? Thanthwe lija simunakhute nalo? Tamverani, a Gwaza. Munalakwitsa ndinu, amene akudwala ndi mwamuna wanga, ndiye mukufuna alipire ndi mpweya wake. Kumanda siipita, m'nyumba siilowa. Amene akuifuna abwere adzandiuze pamaso."

Anthu amati mawu oterowo sayankhulidwa mokweza. Iye anawayankhula ali chilili pabwalo, manja ali m'chiuno.

Mvula yoyamba inabwera ndi chimphepo chimene chinagwetsa mapolo a magetsi m'mbali mwa msewu, ndipo a magetsi anati kukonza kutenga masiku. Nankhoma anagulitsa nkhuku zake n'kugula petulo ndi oyilo. Masana ankapumitsa injini pang'onopang'ono, akukupiza mwamuna wake ndi chivundikiro cha ndowa, kenako n'kuilizanso milomo ya a Kamphinda ikayamba kuda.

Tsiku lina chisisira chitagwa, injini inangoti zii. Nankhoma anatuluka ndi tochi n'kupeza petulo alimo, koma switchi itazimitsidwa. Anailiza, n'kubwerera m'nyumba. Asanakhale pansi makina a mpweya anasiya kulira, pomwe injini panja ikulirabe. Anatulukanso. Nthambo inali itazulidwa pa jenereta, itayalidwa mowongoka pansi, mutu wake utaloza kumsitu wa manda. Anailumikiza, ndipo pobwerera anapeza a Kamphinda atatong'ola maso, akukoka mpweya ngati munthu womira.

Atapezako bwino, a Kamphinda anagwira dzanja la mkazi wawo. "Apatseni, Nankhoma. Sakufuna injini yokha. Ndikuwamva akunditchula. Mwatopa nane, inenso ndatopa. Ndisiyeni ndizipita."

Apa mpamene Nankhoma anapsa mtima zenizeni, chifukwa mizimu ankaiopa, koma mawu awa anamupweteka. "Ndani wakuuzani kuti ndatopa? Ndinakudandaulirani ine? Gonani apo, mupume. Ntchito yanu ndi imeneyo basi."

Anamanga chitenje m'chiuno zolimba ngati wopita kukamenyana. Anamasula babu la pabalaza, lokhalo limene linatsala, natenga mphasa, natuluka. Babu analipachika panthambi ya mango n'kulilumikiza ku jenereta. Nthambo ya makina a mpweya anaikulunga padzanja lake n'kugwira pamene imalowera mu jenereta. Mphasa anaiyala kumbali kochokera mphepo kuti utsi uzipita kwina, nakhala pansi.

Sanadikire nthawi yaitali. Achule a kudambo anasiya kulira. Fungo la dothi lokumbidwa lija linabwera, ndipo injini inayamba kulemedwa, babu n'kufiira ngati khala. Kumene kuwala kunkathera, mdima unayamba kuchindikala malo ena, ngati anthu akukhala pansi mmodzimmodzi. Ankamva nsalu zikukhwekhwereza, mawondo akulira. Akayang'ana molunjika sankaona kanthu, koma m'mbali mwa diso munali modzaza. Kenako chinthu chozizira chinagwira nthambo ija chapafupi ndi dzanja lake n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono.

Nankhoma anakokera nthamboyo kwa iye. Pakamwa pake panali pasanamugwiritsepo mwala.

"Siyani!" anakuwa. "Mulibe manyazi? Akuluakulu athunthu kulimbirana nthambo ndi munthu wodwala! A Chikuse, ndikudziwa mulipo, fodya wanu wa m'mphuno ndikumumva. Mukanakhala mukuwola m'nyumba pakanapanda jenereta imeneyi, ndipo amene anati ndikupatseni ndi yemwe mukumutsamwitsayo. Kuthokoza kwake n'kumeneku? Babu ilo ndakupachikirani, m'nyumba mwanga muli mdima chifukwa cha inu. Otherani pamenepo. Mlendo amakhala pamene wapatsidwa. Koma nthambo iyi ndi yanga, ndipo woifuna ayambe wadula dzanjali."

Kukoka kuja kunaleka. Kwa kanthawi kunalibe china koma kulira kwa injini. Nankhoma anayamba kuganiza kuti wapambana.

Ndiye anamva chifuwa. Kutsokomola kouma, kothera ndi kakhweru, kumene anagona nako chipinda chimodzi zaka zonsezi. Koma sikunachokere pazenera ayi. Kunachokera kutsidya kwa babu, pakati pa alendo aja. M'nyumba makina a mpweya ankalira bwinobwino, ndipo kupatula makinawo munali chete.

 Nankhoma anafuna kuthamangira m'nyumba, koma anadziwa kuti akangosiya nthambo, basi kwatha. Misozi inatsika yokha. Anaimirira nthambo ili kudzanja, nayang'ana kumene kunachokera chifuwacho.

"Bambo a Edina," anatero, mawu akunjenjemera. Kenako mawu anabwerera m'malo mwake, omwe aja a tchoki. "Bambo a Edina! Mukutani panja pano? Wakuuzani ndani kuti mutuluke? Ine ndagulitsa nkhuku zanga zonse, mwana wanu akutsuka zimbudzi za eni ake ku Joni kuti inu muzipuma, ndiye mungonyamuka ngati mukupita kubawo? Osatsanzika? Bwererani m'nyumba! Pano ndi pakhomo panga, satuluka munthu ine ndisanalole."

Palibe chinasuntha. Chifuwa chija chinamvekanso, chapansipansi, ngati cha munthu wochita manyazi pagulu.

Nankhoma anatembenukira kwa enawo. "Inu, tamverani. Jenereta mukuifunayi mudzaiona. Tsiku limene bambowa adzapite pa nthawi yawo, ndidzabwera nayo ndekha, ndi manja angawa, osati adzukulu. Kufikira tsikulo babu lizikhala pamtengopa, muzibwera kudzaothera. Koma mukawatenga lero, ndikulumbira pali mayi anga amene mwina ali pakati panupo, ndiithira petulo n'kuiyatsa moto, mukhale mumdima wanuwo mpaka Yesu adzabwere. Sankhani."

Mphepo inadutsa m'masamba a mango. Kenako Nankhoma anamva mapazi okwekwereza, oyenda n'kupumira, oyenda n'kupumira. Anadutsa pambali pake penipeni, ndipo anamva fungo la mafuta amene ankawapaka mwamuna wake pachifuwa. Sanacheuke. Mapaziwo anakwera pakhonde. Chitseko, chimene anachikhoma yekha potuluka, sichinalire. Kunangoti zii nthawi yaitali moti anayamba kupemphera mosokoneza mawu.

Kenako pazenera panatuluka chifuwa chachikulu, chonyansa, chokoma kuposa nyimbo iliyonse imene anamvapo.

"Nankhoma," anaitana a Kamphinda m'nyumba. "Madzi akumwa."

"Dikirani kuche!" anayankha iye akulira. "Mwayenda nokha kufika panja, mulephera kudikira madzi?"

Injini inapepukidwa, babu n'kuyera. Nankhoma anakhala pamphasapo nthambo ili kudzanja mpaka tambala analira, ndipo achule anayambiranso phokoso lawo.

A Kamphinda anakhala ndi moyo mpaka anadya chimanga chachiwisi cha chaka chimenecho ndi cha chaka chinacho. Anaona Edina atabwera ndi mdzukulu wawo, anamunyamula pamiyendo. Za usiku uja sankazikamba, kupatula kunena kuti analota ali pamsonkhano, mkazi wawo n'kudzawachititsa manyazi. Babu linakhalabe pamango, kampando kankapezeka pansi pa mtengo m'mawa, ndipo Nankhoma anasiya kukabweza. Nthambo sinazulidwenso.

Anamwalira masana dzuwa likuwala, magetsi alipo, makina akulira, dzanja lawo lili m'dzanja la mkazi wawo. Pa tsiku loika maliro anthu anadabwa kuona namfedwa akukana kugwiriziridwa ndi amayi anzake. Anayenda pambuyo pa bokosi akukankha wilibala, m'menemo muli jenereta yofiira. A Gwaza anafuna kumulandira, iye anawakaniza ndi diso lokha. Atatha kukwirira, anaiika kumutu kwa mtumbira, anapachika babu pamtengo, nadzaza thanki mpaka pakamwa. Mbale ndi makapu a pamanda amaziboola kuti akuba asatenge, koma jeneretayo sanaiboole, ndipo mpaka lero palibe wakuba amene anayerekeza.

Pasanathe sabata magetsi anazima madzulo. Anthu ali pakati pofufuza makandulo anamva phokoso kuchokera kumsitu wa manda, la munthu akukoka chingwe. Kachiwiri. Kenako injini inalira, koma motsamwa, mokhosomola, ngati ikufuna kuzima. Dera lonse linakhoma zitseko, amayi n'kukokera ana pansi pa mabulangete.

Chitseko chimodzi chokha ndicho chinatseguka. Nankhoma anatuluka m'nyumba yake yamdima, atavala zakuda, naima pabwalo n'kumvetsera. Ankamwetulira, misozi ili m'masaya. Kenako anaika manja kukamwa n'kukuwa kuloza kumanda, mawu ake n'kumveka mpaka kumsika:

"Bwezani tchoki inu, mukumaliza petulo!"

Injini inatsokomola kamodzi, kenako inayamba kulira bwinobwino.